Nsikidzi za Magazi Achifumu

Kuli dziko lina lotchedwa Zilibwino. Musavutike kulifuna pa mapu, chifukwa munthu amene anatumidwa kukalijambula anabwerako ndi pepala loyera, atauzidwa ndi akuluakulu a kumeneko kuti palibe choonetsa poti zonse zili bwino. M'dzikomo ufumu sunkayendera magazi kapena nzeru. Unkayendera matako. Ng'oma ya m'mawa ikalira, mfumu inkakhala pa Mpando, ndipo inkadzukapo ikalira ng'oma ya madzulo. Ikangoimirira pakati pa ng'oma ziwirizi, kaya yaona njoka, kaya m'mimba mwawira, ufumu unkathera pomwepo, ndipo woyamba kukhalapo ndiye ankakhala mfumu. N'chifukwa chake mafumu a ku Zilibwino sankamwa tiyi m'mawa.

Mpandowo unali woluka ndi nsungwi, wautali kumsana, wokhala ndi potsamira mikono, ndipo unkakhala m'chinyumba chachikulu cha malata chotchedwa Nyumba ya Mthunzi. Mwambo unkati Mpando sutuluka panja ndipo sukhudza madzi kufikira mfumu itachokapo. Mfumu ikafa kapena ikaimirira, m'pamene akuluakulu ankautulutsa, kuuthira madzi owira, n'kuuyanika padzuwa masiku atatu. Makolo sanali opusa. Mafumu akale sankakhalitsa, choncho Mpando unkasamba kawirikawiri. Koma Mfumu Sindichoka Yachiwiri inali itakhalapo zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo inkaoneka kuti ikungoyamba kumene.

Mmisiri wa Mpandowo anali Lufeyo Kamtsitsi. Agogo ake ndi amene anauluka, bambo ake anausamala, iye n'kulandira ntchitoyo pamodzi ndi kampeni kong'ambira nsungwi. Chuma chake chonse chinali zala zazikulu ziwiri za m'manja mwake, zophwatalala, zong'aluka ngati chidendene cha mlimi. Chala chachikulu ndicho chimatsogolera mpeni pong'amba nsungwi, ndichonso chimakanikiza kansungwi kuti kalowe pansi pa kanzake. Mmisiri wopanda zala zimenezi amangotsala wopemphetsa. Mkazi wake, Nangondo, amene ankagulitsa mtedza wokazinga pa msika wa Tingopirira, ankati iye anakwatiwa ndi zalazo, poti za nkhope panalibe chokamba.

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti anamuitana Lufeyo kuti kansungwi kena kamasuka pansi pa Mpando. Lufeyo analowa chokwawa uku akuomba m'manja monga mwa mwambo, ntchito yovuta ndithu kwa munthu wa manja awiri okha. Nduna khumi ndi ziwiri zinali pa mipando yawo, yolukanso iye yemweyo, zikukangana ngati chaka chimenecho chilengezedwe kuti n'chabwino kapena chabwino kwambiri. Koma Lufeyo anaona kuti palibe nduna imene inakhala bata. Ina inkasunthasuntha ngati ikupeta ndi chiuno, ina inkakhuza ntchafu pamphepete pa mpando mwaulemu, maso ali kudenga.

Atalowetsa mutu pansi pa Mpando, fungo ndilo linayamba kumulonjera, fungo lija limene aliyense amene anagonapo padepoti amalidziwa. Paliponse pamene nsungwi zinapingasana panali timadontho takuda, ndi timazira toyera ngati tinjere ta mchere. Kenako anaona eni ake, onenepa, ofiira, atandandalikana m'ming'alu, odekha ngati anthu odziwa kuti chakudya sichichoka.

"Mmisiri, mwachedwatu pansipo," anatero a Chipindamawu, Nduna Yoona za Malamulo ndi Matanthauzo Ake. "Mwaona chiyani?"

Munthu wochenjera akanayankha kuti, "Ndaona ulemerero, bwana." Koma Lufeyo anali mmisiri, ndipo anazolowera kuti chinthu chikathyoka umanena kuti chathyoka.

"Nsikidzi, bwana," iye anatero, mutu ukadali pansi pomwepo. "Zadzaza thothotho. Kaya n'zimene zili mu Mpando, kaya ndi Mpando umene uli mwa izo, sindikudziwa."

Mfumu, imene dzanja lake linali paulendo wopita kuntchafu, inalibweza n'kuliika pabondo.

"Mmisiri watopa," anatero a Chipindamawu. "Akapume."

M'mawa mwake galimoto ya chimkuzamawu inazungulira mzinda wonse ikulengeza lamulo latsopano. M'dziko la Zilibwino mulibe nsikidzi, simunakhalepo nsikidzi, ndipo boma lilibe pulani yobweretsamo nsikidzi. Kudzikanda pagulu ndi kufalitsa mphekesera pogwiritsa ntchito zikhadabo. Pa msika wa Tingopirira anthu anamvetsera mpaka galimoto itadutsa. Kenako mayi wina wa tomato anafunsa msilikali ngati kukanda mwana wakhanda ndi mlandu wa mayi kapena wa mwanayo. Msilikaliyo anati akafunsa kulikulu.

"Inu bambo, pakamwa panupo palibe chitseko?" anatero Nangondo mwamuna wake atabwera kudzakhala pambali pa lichero lake la mtedza. "Anthu khumi ndi awiri ophunzira akulumidwa ali chete, inu wa Sitandade Folo n'kumati mwaona. Munaona ndi maso a ndani?"

"Anandifunsa, Nangondo."

"Wamkulu akakufunsa sakufuna yankho. Akufuna aone ngati udzafe ndi ukalamba."

Koma lamulo silinafike m'makutu mwa nsikidzi. Patapita mlungu umodzi, nduna zinagwirizana kuti yakwana nthawi yoti boma lionetse chikondi kwa anthu ake. Mipando yonse khumi ndi iwiri ya nduna inaperekedwa ngati mphatso: wina kuchipatala pamene odwala amadikirira, wina kutchalitchi, wina kwa wometa tsitsi wa pamsika, wina kwa Nangondo ngati mkazi wa mmisiri. Kunali magule, kunali nthungululu, amayi anavala nsalu za nkhope ya mfumu. Lufeyo analamulidwa kuluka mipando yatsopano khumi ndi iwiri, ndipo anailuka bwino, kuipaka vanishi mpaka kuwala. Sipanathe milungu iwiri, nduna zinayambanso kupeta ndi chiuno, pakuti mayi wa nsikidzi zonse anali Mpando weniweniwo, umene sunasunthe.

Mipando ya mphatso ija inagwira ntchito yake mokhulupirika. Wodwala ankapita kuchipatala ndi chifuwa, n'kubwerako ndi chifuwa chomwecho pamodzi ndi alendo m'mpendero mwa malaya. Kuchokera m'mipando zinalowa m'mphasa, kuchokera m'mphasa zinalowa m'ming'alu ya zipupa. Kunena zoona, chiyambire ufumu wa Sindichoka, aka kanali koyamba kuti chinthu chochokera ku Nyumba ya Mthunzi chifike kwa munthu aliyense mosakondera.

Wometa tsitsi uja ndiye anaonjeza moto. Tsiku lina masana, kasitomala ali pampando wa mphatso, wometayo anaona nsikidzi imodzi ikukwera pakhosi pa munthuyo. Anaitola, kuiika pachikhadabo, n'kuiswa. Panatuluka magazi, msilikali akuona. Mlandu unafika kwa a Chipindamawu, amene anaganiza masiku awiri n'kupereka chigamulo chimene ana a sukulu analamulidwa kuloweza pamtima.

"Kanthu aka, kamene kulibe, kanachokera pa Mpando," anawerenga motero wa chimkuzamawu. "Kamene kachokera pa Mpando kanadya za pa Mpando. Choncho m'mimba mwake muli magazi achifumu, ndipo woswa kanthuka wakhetsa magazi a mfumu. Kuyambira lero tizirombo timeneti, timene kulibe, tizitchedwa Achibale a Mpando."

Wometa tsitsi anakwapulidwa zikoti khumi, ndipo kwa mwezi wathunthu anali munthu yekhayo mumzindamo amene nsikidzi sizinamulume kumatako, poti sankakhala pansi. Pamsika anthu anayamba ulemu watsopano. Munthu akaona imodzi ikuyenda pamkono pake ankavula chipewa n'kunena kuti, "Pitirizani, bwana, musaope, ndi kwanu kuno." Nangondo anati akale ankanena kuti nsikidzi zinachilira kwa alendo, koma za ku Zilibwino zachilira kwa nduna.

Kumayambiriro kwa Okutobala anamuitananso Lufeyo. Anali masana, nduna zitapita kukadya, ndipo m'Nyumba ya Mthunzi munatsala mfumu yokha. Lufeyo anali asanaionepo pafupi chotere kuchokera kutsogolo. Nthawi zonse ankaiona kuchokera pansi. Inali nkhalamba yowonda, ya maso ofiira, miyendo yotupa. Anaimvera chisoni, ndipo anadabwa nacho chisonicho.

"Kamtsitsi, sendera kuno," mfumu inatero motsitsa mawu. "Bambo ako anali munthu wosanama. Iwenso usandinamize. Mankhwala ake n'chiyani?"

"Wawa, Mwini Mpando. Mayi aliyense kumudzi amawadziwa. Madzi owira, dzuwa la masiku atatu, kenako kuugogoda pasimenti kuti zotsala zigwe."

"Ine ndili pomwepa?"

"Ayi, mfumu. Muyenera kuimirira."

Mfumu inaseka kaphwete kopanda chimwemwe. "Unayamba wayang'ana kumapazi kwa Chipindamawu? Pamwamba mkanjo wa nduna, pansi nsapato zothamangira. Zaka khumi tsopano akuvala zimenezo, ndipo mpando wake amausendeza pang'onopang'ono kufupi ndi wanga, akuyesa sindiona. Tizirombo iti, Kamtsitsi, tikakhuta timakagona. Awo sakhuta." Inakhuza msana pansungwi, n'kutseka maso. "Bola ndilumidwe ndili mfumu kusiyana n'kupeza mpumulo ndili munthu wamba."

"Wawa."

"Tsono imva. Anthu akufuna wolakwa, ndipo sindingakhale ine. Nduna zagamula kuti popeza banja lanu lokha ndilo limakhudza Mpando, ndiwe unalukiramo zinthuzi. Ndazipempha kuti zikupatse masabata atatu. Pa Tsiku la Kukhazikika, pamene ndikwanitse zaka makumi atatu ndi ziwiri, ng'oma ya madzulo isanalire, Mpandowu ukhale utasiya kundivutitsa. Osautulutsa, osauthira madzi, osapha Wachibale ndi mmodzi yemwe. Ukalephera, zala zako zazikulu ziwirizo azidula pagulu. Pepa, mwana wa Kamtsitsi. Ufumu ndi wotero."

Lufeyo anatuluka chokwawa. Anachita mantha enieni. Njira yonse yopita kwawo anayenda atafumbata zala zazikuluzo m'kati mwa zinzake, ngati kuti wina azilanda panjira.

Anayesa zonse zimene lamulo linasiya. Anafukiza fodya pansi pa Mpando. Mfumu inatsokomola mpaka misozi, nsikidzi osatekeseka. Anasomeka masamba a mpungabwi m'ming'alu; Achibale anawayesa mthunzi watsopano. Kenako anayamba kuzitola imodziimodzi ndi nthenga ya nkhuku, kuziika mwaulemu m'chikho, n'kukazisiya panja pansi pa mtengo, msilikali akuwerenga kuti pasasowe ndi imodzi yomwe. Akachotsa makumi asanu, m'mawa mwake ankapeza mazira ataswa zana. Akale sananame: khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Atatsala masiku asanu, Lufeyo anakhala m'shedi yake yolukiramo, osagwira ntchito, akungoyang'ana manja ake. Denga la shediyo linali ndi bowo lalikulu, chifukwa kamvuluvulu anaulutsa lata limodzi m'mwezi wa Julayi, ndipo Nangondo ankamukumbutsa za latalo tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Mpando wa mphatso uja anauponya momwemo, poti kuutentha unali mlandu ndipo kukhalapo kunali kupusa. Tsiku limenelo dzuwa likuswa mtengo, kuwala kolowera pabowo kunagwera pampandowo ndendende.

"Taonani," anatero Nangondo, amene anabwera ndi chikho cha thobwa. "Achibale a mfumu akusamuka."

Zinalidi kutuluka m'ming'alu, zazikulu ndi zazing'ono, zikutsika ndi miyendo ya mpando mothamanga kulowera kumthunzi. Lufeyo anayang'ana mpandowo, anayang'ana bowo la padenga, n'kuyang'ananso mpando.

"Nangondo, lata lija usadzalitchulenso. Latipulumutsa."

"Mwayamba kuyankhula zosamveka. Imwani thobwa."

"Mwambo umati Mpando usatuluke. Sunenapo kanthu za denga."

Nangondo anayang'ana bowo la padenga. Kenako anati, "Chabwino, bambo. Koma zikachoka mu Mpando zipita kuti?"

"Kumthunzi."

"Nanga mthunzi wapafupi ndi Mpando ndi ndani?"

Lufeyo anakweza chikho. Anamwa thobwa lonse mpaka masese.

M'mawa mwake anakagwada pamaso pa nduna. Masabata amenewa anali atamuphunzitsa kayankhulidwe ka ku Nyumba ya Mthunzi. Anati n'chinthu chomvetsa chisoni kuti kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri dzuwa lakhala likutuluka ndi kulowa osaonako amene amaliposa kuwala, ndipo anapempha kuti pa Tsiku la Kukhazikika malata achotsedwe kuti nalonso lipatsidwe mwayi. Mfumu inamuyang'anitsitsa, inamvetsa chimene mmisiri akufuna, ndipo inagwedeza mutu ndi chiyembekezo cha munthu amene sanakhale mwamtendere kwa nthawi yaitali. Amene anavomereza ndi mawu okweza kuposa onse anali a Chipindamawu. Anati ganizoli n'la iwo, mmisiri wangowatsogolera kunena. Lufeyo anayang'ana pansi, n'kuona kuti nsapato zija zili ndi zingwe zatsopano.

Tsiku la Kukhazikika linafika lopanda kamtambo ndi kamodzi komwe. Malata anali atachotsedwa dzulo lake, zitseko zonse zinatsegulidwa, ndipo anthu anadzaza pabwalo, ena pamakoma, ena m'mitengo, ambiri kuti aone m'kati mwa nyumba imene ankangoimva m'malamulo. Mfumu inakhala pa Mpando itavala mikanjo itatu, chikopa cha kambuku, ndi chisoti cholemera cha mikanda. Pambali panaima munthu wamtali ali ndi kasemasema wonola bwino ndi chipika chaching'ono. Lufeyo anakhazikidwa pafupi ndi munthuyo kuti nthawi yodula zala ikakwana pasadzakhale kufunana.

Makwaya anaimba, asilikali anaguba. Cha m'ma leveni a Chipindamawu anaimirira kuti anene mawu ochepa. Anayambira pa kubadwa kwa agogo a mfumu. Dzuwa litafika paliwombo anali asanafike pa ukwati wa bambo ake, ndipo nthawi ndi nthawi ankapempha pepani n'kubwerera m'mbuyo kuti anaiwala mfundo ina yofunika.

Lufeyo sanamve ndi liwu limodzi lomwe. Maso ake anali pa Mpando. Nsungwi zitatentha, anaona kamzere kakuda kakutuluka potsamira mkono, n'kulowa m'dzanja la mkanjo wa mfumu. Kamzere kena kanachokera kumsana n'kulowa pansi pa chikopa cha kambuku. Mpando unkayera, zoonadi, ndipo mtima wa Lufeyo unadumpha ndi chimwemwe. Kenako anayang'ana nkhope ya nkhalambayo, chimwemwe n'kumuthera.

Tinene chilungamo: Sindichoka anali katswiri pa ntchito yake. Thukuta linkayenderera m'ndevu, mitsempha ya pakhosi inatuluka, milomo inkanjenjemera, koma anapirira maola awiri athunthu osasuntha chala. Kukhala pampando ndi luso lokhalo limene anali nalo, ndipo tsiku limenelo analionetsa lonse. Koma cha m'ma thu koloko Wachibale wina wolimba mtima anakwera kuseri kwa khutu n'kulowa pansi pa chisoti. Dzanja la mfumu linanyamuka lokha, ndipo pamaso pa dziko lonse mfumu inadzikanda.

Kenako mayi wa tomato uja, poona kuti mwini lamulo watsegula njira, analowetsa dzanja kumsana n'kuyamba kukanda. Woyandikana naye anatsatira. Posachedwa khamu lonse, ndi asilikali omwe, linali kukanda zimene linasunga miyezi iwiri, ndipo phokoso lake linamveka ngati mbuzi zalowa m'munda wa chimanga chouma. Phokoso limenelo ndilo linamaliza mfumu. Munthu amene thupi lonse likumuyabwa sangamve anzake akukanda iye n'kukhala chete.

"Mayo ine!" inakuwa motero Mfumu Sindichoka Yachiwiri, n'kuimirira, ikung'amba mikanjo.

Chikopa cha kambuku chisanafike pansi, a Chipindamawu anali atakhala kale pa Mpando, chiganizo chawo chokhudza ukwati wa bambo a mfumu chisanathe. Nduna zina khumi ndi imodzi zinagundana mitu pamapazi pawo. Sindichoka sanacheuke n'komwe. Anatsala ndi kabudula ndi vesiti, akukhuza msana pamzati ngati mbuzi, nkhope yake ili ndi mtendere umene anthu anali asanauonepo. Mkulu wina mumtengo anati, "Pakadafunda padajiwitsa galu," koma mnzake anayankha kuti galu uyu akuoneka kuti wapulumuka.

Monga mwa mwambo, akuluakulu osunga miyambo anabwera ndi mitsuko ya madzi owira ndi mitengo yonyamulira Mpando, n'kupempha mfumu yatsopano kuti ipatuke masiku atatu. Mfumu Chipindamawu Yoyamba inayang'ana nduna khumi ndi imodzi zija, inayang'ana kumapazi kwawo, n'kugwiritsa potsamira mikono.

"Mwambo umenewo ndi wa nthawi ya mdima," inatero. "Madziwo mukaphikire anthu tiyi. Malata abwerere padenga lero lomwe." Kenako inakweza mawu kuti a m'mitengo amve. "Anthu anga, ndikuuzeni zoona zimene munabisiridwa. Nsikidzi zinaliko! Zinali za ulamuliro wakale, ndipo zapita nawo. Lamulo la magazi achifumu likhalapo kaye kufikira komiti italiunika. Tsopano abwere mmisiri, munthu wosanama, amene tonse tikudziwa kuti amanena zimene waona. Ayang'ane pansi pa Mpando auze dziko."

Lufeyo anakwawa. Munthu wa kasemasema anamutsatira ndi chipika chake, pakuti chigamulo chinali chisanafafanizidwe ndipo ng'oma ya madzulo inali isanalire. Atalowetsa mutu pansi pa Mpando, fungo lija linamulonjeranso ngati mnansi. Pansi penipeni, pamene thupi la mfumu linkatchinga dzuwa, timazira toyera tinali tonse bwinobwino. Zimene zinagwa ndi mikanjo ya Sindichoka zinali kale paulendo wobwerera, zikukwera ndi miyendo ya Mpando pamzere, mosapupuluma.

"Mmisiri, mwachedwatu pansipo," inatero mfumu. "Mwaona chiyani?"

Lufeyo anayang'ana zala zake ziwiri zitagwira nsungwi zimene agogo ake analuka. Anakumbukira mawu a Sindichoka akuti bambo ake anali munthu wosanama. Anayang'ana kasemasema akung'anima padzuwa.

"Ndaona ulemerero, mfumu," iye anatero.

Nthungululu zinang'amba mlengalenga. Anamuveka mendulo, kumutcha Mmisiri wa Chilungamo, ndipo munthu wa kasemasema anamugwira chanza mokhumudwa pang'ono. Pomuveka menduloyo, dzanja lina la mfumu yatsopano linali kale paulendo wopita kuntchafu. Pamwamba akalipentala anayamba kukhoma malata.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, anakhala pansi pakhonde, n'kuvula mendulo ija. Zala zinalipo zonse khumi, koma manyazi anamugwira kotero kuti sanathe kumuyang'ana mkazi wake kumaso. Nangondo, amene miyezi iwiri yonseyi ankamuphunzitsa yankho lomwelo, sanamuyamikire kuti wakhoza. Anangokhala naye pafupi, n'kumupatsa mtedza wodzaza dzanja umene Lufeyo sanadye.

"Khalani chete," anatero Nangondo mwadzidzidzi. Anatambasula dzanja n'kutola kanthu pakolala ya malaya a mwamuna wake. Inali imodzi yonenepa, yokhuta mpaka kuwala. Anayang'ana kumsewu, kunalibe msilikali. Anaiika pachikhadabo cha chala chachikulu cha Lufeyo. "Paja chala chimodzi sichiswa nsabwe. Akusiyirani ziwiri. Zigwire ntchito."

Lufeyo anabweretsa chikhadabo chinacho, n'kukanikiza. Kanangoti thu, ndipo pazikhadabo zonse ziwiri panafalikira kadontho kofiira.

"Ndi a mfumu iti magazi amenewo?" anafunsa Nangondo. "Yakale kapena yatsopano?"

Lufeyo anayang'anitsitsa kadonthoko nthawi yaitali. Kenako anagwira pakhosi pake, pamene panali patayamba kutupa.

"Ndi athu omwe," iye anatero.

Nangondo anadzuka, anakasonkha moto, n'kutereka madzi mumphika waukulu kuposa yonse.